Chasisi, kachitsulo ka fakitale kapena blue book: mukhulupirire chiti pa pikapu yakale?

Malume anga ankalima fodya ku Kasungu, ndipo chaka china msika utawakomera anagula Hilux yakale kwa munthu wina wa ku Lilongwe. Pa chitseko panali polembedwa 2.8D. Pa kachitsulo ka fakitale ka m'boneti panali 3L, dzina la injini ya dizilo ya malita 2.8. Wogulitsayo analumbira kuti injini ndi yomweyo imene galimotoyo inabadwa nayo. Patapita zaka ziwiri inayamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo, ndiye malume anatuma mnyamata ku tauni kukagula mapisitoni ndi malingi a 3L. Makaniko atatsegula injini, mapisitoniwo anakana kulowa. M'galimotomo munali 2L, ya malita 2.4, imene masilinda ake ndi otakata mamilimita 92, pamene a 3L ndi mamilimita 96. Kunja injini ziwirizi zimafanana ngati ana amapasa. Galimoto inakhala pa zitsa milungu itatu, mabelo akudikira ulendo wa ku Chinkhoma, malume n'kumalipira lole ya eni.

Palibe amene anawapatsa malume pepala labodza. Kachitsulo kaja kankanena zoona, koma zoona za injini imene inachoka kalekale. Pikapu ya zaka 30 kapena 40, imene yayenda matola, yanyamula njerwa, chimanga, maliro ndi akwati, kawirikawiri sikhalanso galimoto imodzi. Mutu, kutanthauza mokhala dalaivala ndi okwera, unachokera ku ina imene inagubuduzika, injini ku ina, difu ku inanso. Umboni umakhalapo wambiri, koma uliwonse umayankha funso lakelake. Choncho musanagwade pansi pa galimoto, dziwani chimene mukufuna: kudziwa ngati galimotoyo ndi yovomerezeka mwalamulo, kudziwa chaka chake, kapena kugula masipeya oyenera. Njira imene ili yabwino pa funso limodzi imatha kukusocheretsani pa linzake.

Zolembedwa kunja

Izi ndizo zosavuta kuwerenga, komanso zosadalirika kuposa zonse. Chizindikiro cha pa chitseko chimamatidwa ndi guluu, ndipo chitseko chenichenicho chimasinthidwa ndi masipanala awiri. Ngakhale chikhale choona, dzina la malonda silikwanira. Isuzu zimene zinkapangidwa ku Port Elizabeth zinkalembedwa KB250 kapena KB280, koma manambala amenewa amangonena kukula kwa injini. M'mabuku a masipeya mtundu wa 1988 kupita mtsogolo umadziwika ndi TFR ngati ndi yoyendera matayala awiri ndi TFS ngati ndi yoyendera onse anayi. Dzina loti Hardbody nalo limakuta Nissan ziwiri zosiyana, D21 ndi D22. Mukapita kwa wogulitsa masipeya ku Limbe n'kungoti "ndikufuna za Hardbody," akupatsani zimene ali nazo pafupi.

Kachitsulo ka fakitale ndi nambala ya modelo

Pa nkhani yogula masipeya, palibe chimene chimaposa nambala ya modelo, ndipo ndimadabwa kuti eni magalimoto ambiri sadziwa yawo pamtima. Pa Toyota imalembedwa pa kachitsulo kokhomedwa ndi maliveti m'boneti, kawirikawiri pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala dalaivala. Pamenepo pamakhala modelo, mtundu wa injini, nambala ya felemu (ndiyo chasisi), nambala ya penti, ya mipando, ya giyabokosi ndi ya difu.

Kawerengedwe kake n'kosavuta mukakamva kamodzi. Chilembo choyamba, kapena ziwiri zoyamba, ndi banja la injini. Chotsatira ndi banja la galimoto: N ndi Hilux, J ndi Land Cruiser. Kenako manambala. Ndiye RN ndi Hilux ya injini ya petulo ya banja la R, monga 12R, 18R kapena 22R. YN ndi ya petulo ya banja la Y, monga 2Y ya malita 1.8, 3Y ya 2.0 ndi 4Y ya 2.2. LN ndi ya dizilo ya banja la L, lomwe muli L ya 2.2, 2L ya 2.4, 3L ya 2.8 ndi 5L ya 3.0. KZN ndi ya 1KZ-TE, ya malita 3.0 yokhala ndi tebo.

Manambalawo amakuuzani m'badwo. Hilux yoyamba, RN10, inatuluka mu 1968. Za 20 zinayamba mu 1972, za 30 ndi 40 mu 1978, ndipo mu m'badwo umenewu ndimo munabwera yoyendera matayala anayi komanso ya dizilo, mu 1979. Za 50, 60 ndi 70 ndi za 1983. Kuyambira 80 mpaka 110 ndi za 1988, ndipo kuyambira 140 mpaka 170 ndi za 1997. Munthu akakuuzani kuti LN65 yake ndi ya 1999, mwina akuwerenga chaka chimene inalowa m'dziko muno.

Kusiyana kwa nambala imodzi kumatha kukhala kwakukulu. LN106 ndi LN107 zonse zili ndi 3L, zonse ndi zoyendera matayala anayi, ndipo mutazionera patali simungazisiyanitse. Koma LN106 ili ndi ekiselo imodzi yolimba kutsogolo yokhala pa masipuling'i a masamba, pamene pa LN107 tayala lililonse lakutsogolo limadziyendera palokha. Mabushi, mashoko ndi zitsulo za chiwongolero za ina sizilowa pa inzake. Anthu a m'misewu ya fumbi amaikonda LN106 chifukwa cha ekiselo imeneyi, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake sutsika msanga. Wogula amene sadziwa kusiyana kumeneku akhoza kulipira mtengo wa ina n'kutenga inzake.

Pambuyo pa manambala pamabwera R kapena L, kusonyeza mbali ya chiwongolero. Kwathu kuno timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye zambiri zimakhala R. Mukaona L pa kachitsulo pamene chiwongolero chili kumanja, ndiye kuti galimotoyo inatembenuzidwa, kapena kachitsuloko si kake. Kenako pali kamzere ndi zilembo zina: pa Hilux za m'badwo wa 1988, T ndi single cab, C ndi ya mutu wotalikirako, P ndi twin cab, ndipo M ndi magiya asanu a pamanja.

Land Cruiser imatsata lamulo lomwelo. Mu banja la 40, lomwe linayamba mu 1960, FJ45 ndi ya petulo, ya injini F kenako 2F kuyambira 1975. HJ45 ndi ya dizilo H ya masilinda sikisi, HJ47 ndi ya 2H, ndipo BJ45 ndi ya dizilo ya masilinda anayi ya banja la B. Banja la 70 linabwera mu 1984: HJ75 ili ndi 2H, FJ75 ili ndi 3F, ndipo HZJ75, imene mabungwe ndi zipatala ankaidalira m'madera ovuta kufikako, ili ndi 1HZ ya malita 4.2 imene inayamba mu 1990. Pali chenjezo limodzi apa: nambala 75 inkakuta pikapu komanso ija yotsekeka yonyamula anthu ambiri. Mu 1999 mpamene anazilekanitsa, yotsekeka n'kukhala 78, pikapu n'kukhala 79. Ya 79 ili ndi masipuling'i opiringizika kutsogolo, mabauti asanu pa tayala m'malo mwa sikisi, ndipo ndi yayitali pakati pa matayala. Kuwerenga mabauti a tayala kokha kungakuuzeni ngati "79" imene akukugulitsani si 75 yopakidwa penti yatsopano.

Vuto la kachitsulo ndi limodzi, koma ndi lalikulu: kamakhala pa mutu, ndipo mutu umayenda. Pa pikapu, mutu umangomangidwa pa chasisi ndi mabauti ochepa. Galimoto ikachita ngozi, anthu amagula mutu wa ina n'kuukhazika, kachitsulo n'kubwera nawo. Palinso amene amachotsa kachitsulo dala n'kukakhoma pa galimoto ina. Yang'anani maliveti. A fakitale amakhala ofanana, okalamba pamodzi ndi chitsulo chowazungulira. Mukaona owala ngati agulidwa dzulo, kapena kachitsulo kopindika m'mphepete, kapena penti yosiyana pansi pake, funsani mafunso ambiri.

Nambala yodindidwa pa chasisi

Pa funso loti galimoto iyi ndi iti, ine ndimakhulupirira iyi kuposa zonse. Inadindidwa m'chitsulo chenicheni cha felemu, ndipo felemu ndiyo galimoto. Zina zonse zimangokhalapo. Pa Hilux ndi Land Cruiser zambiri zakale imapezeka pa felemu ya kumanja, chapafupi ndi tayala lakutsogolo. Pa Land Rover za Series imakhalanso kumanja chakutsogolo, pafupi ndi pomangirira sipuling'i. Mitundu ina ili ndi malo ake, choncho nthawi zina mumayenera kuyenda ndi tochi m'mbali mwa felemu yonse.

Kuipa kwa njira imeneyi n'kwakuti imafuna kugona pansi ndi kudetsa malaya. Nambala imakwiririka ndi matope, oyilo, dzimbiri ndi penti yakuda imene anthu amapopera pofuna kugulitsa. Tengani bulashi ya waya, nsanza ndi palafini pang'ono. Musagwiritse ntchito chopalira cha magetsi, chifukwa mukhoza kufufuta manambala, ndipo wapolisi akadzaona malo opalidwa sadzamva zoti munkangotsuka. Mukapukuta, pakani choko n'kufufuta pamwamba kuti choyera chitsalire m'maenje, kapena walitsani tochi chammbali m'malo molunjika. Jambulani ndi foni musanadzuke.

Musangowerenga manambala okha, onaninso maonekedwe ake. A fakitale amakhala pa mzere umodzi, akuya mofanana, otalikirana mofanana. Odindidwa ndi hamala pa galaja amavina: ina yakwera, ina yapendekera, ina yalowa kwambiri. Papasani kuseri kwa felemu pa malo omwewo. Mukamva chipsera cha kuwotcherera mozungulira nambala, ndiye kuti wina anadula chidutswa cha felemu ina n'kuchiika pamenepo. Nthawi zina zimenezi zimachitika mosabisa, pokonza felemu imene inadyeka ndi dzimbiri kapena kuthyoka chifukwa cha katundu, koma mwini wake ayenera kukhala ndi pepala lofotokoza. Popanda pepala, ine ndimabweza makiyi.

Magalimoto amene anapangidwira msika wa m'dziko la Japan alibe nambala yayitali ya zilembo 17. Ali ndi nambala ya felemu imene imayamba ndi modelo, kenako kamzere, kenako manambala otsatana, pa Toyota kawirikawiri asanu ndi awiri. Imaoneka chonchi: LN106, kamzere, manambala. Ubwino wake ndi woti felemu yokha ikukuuzani modelo popanda kudalira kachitsulo. Ngati pa felemu pali LN85 koma pa kachitsulo pali LN106, mwagwira kale kuti mutu ndi wobwera. Nambala yaifupi chonchi si chizindikiro cha chinyengo, monga ena amaganizira; ndi m'mene Japan amalembera magalimoto ake a kwawo.

VIN ya zilembo 17 ndi makina oimasulira pa intaneti

Iyi ndiyo njira imene achinyamata amathamangira, chifukwa imangofuna foni ndi bandulo. Imathandiza, koma muyenera kudziwa malire ake. Dziko la America linalamula kuti magalimoto onse kuyambira a 1981 akhale ndi VIN, nambala yodziwira galimoto, ya zilembo ndi manambala 17. Zilembo I, O ndi Q sizilowamo, kuopa kusokonezeka ndi 1 ndi 0. Mukaona "O" m'pepala la galimoto, ndiye kuti wolemba anaphonya, pamenepo ndi ziro.

Zitatu zoyambirira zimanena wopanga ndi dziko, ndipo izi n'zodalirika kulikonse. JT ndi Toyota ya ku Japan, AHT ndi Toyota ya ku South Africa, ya fakitale ya ku Prospecton ku Durban, MR0 ndi Toyota ya ku Thailand. JN ndi Nissan ya ku Japan, ADN ndi ya ku South Africa. AFA ndi Ford ya ku South Africa, 1FT ndi Ford ya katundu ya ku America, 1GC ndi Chevrolet ya katundu, VF3 ndi Peugeot, SAL ndi Land Rover. Kudziwa dziko kuli ndi phindu, pakuti Hilux ya ku Durban ndi ya ku Japan za zaka zofanana sizigawana masipeya onse.

Msampha uli pa malo a 9 ndi a 10. Ku America, malo a 9 ndi nambala yotsimikizira imene imawerengedwa kuchokera ku zinazo, ndipo malo a 10 ndi chaka: A ndi 1980, B ndi 1981, kumangopita mpaka Y ya 2000, modumpha I, O, Q, U ndi Z, kenako 1 mpaka 9 ndi 2001 mpaka 2009, A n'kubwereranso mu 2010. Mndandandawu umazungulira pa zaka 30 zilizonse, kotero F akhoza kukhala 1985 kapena 2015. Koma chachikulu n'chakuti lamulo limeneli silimanga magalimoto opangidwira misika ina. Toyota zambiri zobwera ku Africa kuno zili ndi ziro pa malo a 10, ndipo ziro si chaka. Makina a pa intaneti, ambiri mwa iwo opangidwira anthu a ku America, akalandira nambala yotere amati ndi yolakwika, kapena amangotchula chaka chopanda pake. Ndaonapo munthu akusiya galimoto yabwinobwino chifukwa foni yamuuza kuti VIN ndi yabodza, ndiponso wina akukweza mtengo chifukwa foni yamuuza kuti galimoto yake ndi yatsopano kuposa m'mene ilili.

Pa galimoto ya chaka cha 1981 chisanafike, makina amenewa alibe ntchito konse. Kampani iliyonse inali ndi kalembedwe kake. Ngati muli ndi chidwi ndi mapikapu akuluakulu a ku America, monga amene anthu okonda zakale amasunga ku South Africa ndi ku Britain, muyenera kuphunzira kalembedwe ka kampani imodziimodzi. Pa Ford za 1961 mpaka 1979 nambala imakhala ya zilembo 11: F10 ndi F-100 yoyendera matayala awiri, F11 ndi ya anayi, F25 ndi F-250, kenako chilembo cha injini, cha fakitale, ndi nambala yotsatana. Chaka sichinalembedwemo mwachindunji, mumachipeza poona kuti nambala yotsatanayo ikugwera mu gulu la chaka chiti. Chevrolet za 1973 mpaka 1979 zili ndi zilembo 13: choyamba C kutanthauza Chevrolet kapena T kutanthauza GMC, chachiwiri C ngati ndi ya matayala awiri kapena K ngati ndi ya anayi, ndipo pa malo a sikisi pali nambala yomaliza ya chaka, mwachitsanzo 7 ya 1977.

Nambala ya injini

Imanena za injini basi, koma pa injinipo ilibe mnzake. Imadindidwa pa buloko, ndipo pa Toyota imayamba ndi dzina la injiniyo, kaya 2L, 3L, 5L kapena 1HZ. Malume akanapukuta pamenepo asanatume mnyamata, fodya wawo akanafika pa msika nthawi yake. Kusinthidwa kwa injini si tchimo. LN65 zambiri zikuyenda lero chifukwa wina anaikamo 3L kapena 5L. Chofunika n'chakuti muzidziwa, muzigula mapisitoni, gasiketi ndi lamba potengera zimene zili pa buloko, mabuleki ndi masipuling'i potengera zimene zili pa felemu, komanso kuti kusinthako kunalembetsedwa m'mapepala.

Blue book ndi mapepala ena

Mapepala ndiwo amalankhula pa rodibuloko ndi ku ofesi ya Road Traffic, choncho simungawanyoze. Koma analembedwa ndi munthu, ndipo pa galimoto ya zaka zambiri analembedwanso kangapo. 8 amasanduka B, 5 amasanduka S, 2 amasanduka Z. Chaka chimene chili m'pepala nthawi zina ndi chimene galimoto inalembetsedwa koyamba, osati chimene inapangidwa. Nambala ya puleti nayo sinena za zaka, chifukwa galimoto yakale ikhoza kulandira puleti yatsopano.

Ngati inachokera ku Japan ndipo mapepala a kumeneko alipo, samalani ndi kawerengedwe ka zaka. Iwo amawerenga potsata ulamuliro wa mfumu yawo. Pa chaka cha Showa wonjezerani 1925, kotero Showa 60 ndi 1985. Pa cha Heisei wonjezerani 1988, kotero Heisei 5 ndi 1993. Munthu wosadziwa akaona 5 amatha kuganiza 2005, galimoto n'kuchepetsedwa zaka 12 osakhudzidwa n'komwe.

Ntchito yeniyeni ya mapepala ndi kufananizidwa ndi chitsulo, chilembo ndi chilembo, inu mukuwerenga pa felemu mnzanu akutsatira m'buku. Zikasiyana, nkhaniyo ikonzedwe ndi wogulitsa ndalama zisanatuluke m'thumba, pakuti mukangolipira vutolo lasanduka lanu. Kwa abale amene ali ku Johannesburg kapena ku Harare ndipo akufuna kutumiza pikapu kumudzi, izi n'zofunika kwambiri. Galimoto yotuluka m'South Africa imafuna chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti sinabedwe, ndipo ikafika kuno imadutsa ku MRA ndi kwa apolisi a Interpol isanalembetsedwe. Onsewa amayang'ana nambala ya pa chasisi ndi ya injini. Chilembo chimodzi chosemphana chikhoza kuimika galimoto pa Mwanza masiku ambiri.

Makatalogi a masipeya ndi zolemba za opanga

Iyi ndi njira yosiyana ndi makina omasulira VIN, ngakhale zonse zili pa intaneti, ndipo pa magalimoto a ku Japan ndimaiika patsogolo. Masamba ogulitsa masipeya monga Amayama ndi Partsouq amalola kulemba nambala ya felemu, ndipo sangomasulira zilembo ayi, amafufuza m'kaundula wa fakitale. Zikayenda bwino amakupatsani modelo yonse ndi zilembo zake za kumapeto, mwezi ndi chaka chimene galimotoyo inapangidwa, injini, giyabokosi ndi nambala ya penti. Mwezi uli ndi ntchito, chifukwa opanga amasintha sipeya pakati pa chaka popanda kusintha dzina la modelo. Pa funso la chaka, yankho lochokera kuno limaposa la blue book. Kufooka kwake n'kwakuti za m'ma 1960 ndi 1970 nthawi zambiri sizituluka, ndipo kusatuluka kwa nambala sikutanthauza kuti galimotoyo ndi yakuba.

Kwa amene akukonza galimoto kuti ibwerere m'mene inatulukira m'fakitale, pali njira yolipira. British Motor Museum ya ku Gaydon imasunga mabuku akale a fakitale ndipo imapereka chikalata chonena tsiku limene Land Rover inapangidwa ndi kumene inatumizidwa. Pa Ford za ku America za 1967 kupita mtsogolo pali Marti Auto Works, amene amapereka lipoti lochokera m'kaundula wa Ford. Mlimi wofuna kungoyendetsa galimoto yake safunika zimenezi, koma kwa wogula Series III kapena F-100 pa mtengo wokwera chifukwa choti "ndi yeniyeni," ndalama ya chikalatacho ndi yochepa poyerekeza ndi imene angataye.

Pamene manambala atha mawu

Pali magalimoto ena amene manambala ake sakuuzani zambiri, ndipo mumadalira maso. Kapikapu ka Datsun 1200, ka modelo B120, kanayamba mu 1971 ndi injini A12. Ku South Africa kanapitirira kupangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, n'kukhala 1400 ya modelo B140 ndi injini A14 kuyambira 1980, mpaka mu 2008. Thupi lake silinasinthe kwenikweni zaka zonsezo, ndiye ya zaka 40 ndi ya zaka 20 zimavalana zitseko ndi maboneti mosavuta. Peugeot nayo ili chimodzimodzi: 404 inaleka kupangidwa ku Ulaya kalekale koma ku Kenya inapitirira mpaka 1991, ndipo 504 inkamangidwabe ku Kenya ndi ku Kaduna m'dziko la Nigeria zaka za m'ma 2000 zitayamba kale. Maonekedwe achikale sakutsimikizirani kuti galimoto ndi yakale.

Apa mumasonkhanitsa timaumboni ting'onoting'ono. Pa malamba a mipando pamakhala kansalu kosokedwa chakumunsi, ndipo kambiri kamakhala ndi chaka chimene lambayo anapangidwa. Magalasi onse akakhala ndi chidindo chofanana, ndiye kuti mutuwo sunavulalepo kwambiri. Nambala ya penti ya pa kachitsulo, monga 040 imene pa Toyota ndi yoyera, ifananizeni ndi mtundu umene uli pansi pa kapeti kapena kuseri kwa mpando, kumene opopera penti safikako. Pa Land Rover, tepi yoyezera imathetsa mkangano: za Series II ndi III zili ndi mainchi 88 kapena 109 pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Chilichonse mwa izi pachokha n'chofooka, koma zitatu zikaloza chaka chimodzi mukhoza kuyamba kukhulupirira. Amakaniko akale amathandizanso pano kuposa foni. Munthu amene wamasula ma Hilux zaka 30 amangoona malo a fyuluta ya oyilo kapena kapangidwe ka pampu n'kukuuzani chimene chili m'boneti. Mawu ake atengeni, koma muwatsimikize ndi chitsulo.

Ine ndikapita kukaona pikapu yakale, ndimayamba ndi kugona pansi, wogulitsa asanayambe kuliza injini ndi kundionetsa mipando. Ndikapeza nambala ya pa felemu ndimaijambula, kenako ndimatsegula boneti kuona ngati kachitsulo kakunena zomwezo, n'kupukuta pa buloko, blue book ndimaitsegula pomaliza. Zinayi zikagwirizana, timakamba za mtengo. Injini yokha ikasiyana, timakambabe, bola wogulitsa avomere kupita nane ku Road Traffic kukakonza pepala. Kachitsulo kakasiyana ndi felemu, ndimafuna kumva mbiri ya mutuwo ndi kuona lisiti yake, ndipo mtengo uyenera kutsika chifukwa galimotoyo inagwapo. Koma felemu ikasiyana ndi blue book, kapena nambala yake ikaoneka yosokedwa ndi moto, ndimasiya, ngakhale injini ikulira bwino chotani.

Hilux ya malume ilipobe, ili ndi msuweni wanga. Mkati mwa chitseko cha kabokosi ka kutsogolo analembamo ndi penti mizere itatu: nambala ya felemu, LN106R ndi zilembo zake zonse, ndipo pansi pake 2L, yozunguliridwa kawiri. Aliyense wotumidwa ku tauni kukagula sipeya amayamba wajambula pamenepo.